Mavitamini a B ndi Mafuta m'Phala la Mwana: Nkhani ya ku Katuli

Nkhani ya lero ikuchokera m'dera la Mfumu Yaikulu Katuli, kum'maŵa kwa boma la Mangochi, kumalire a dziko lino ndi Mozambique. Dera limeneli lili kumtunda. Pakati pa midzi yake ndi gombe la Nyanja ya Malaŵi pali mapiri ndi nkhalango ya Namizimu, kotero kuti ngakhale Katuli ali m'boma lodziŵika ndi nsomba, mayi wa kumeneko saona usipa ukutsitsidwa m'bwato. Amauona pamsika utauma kale, utakwera mapiri pa njinga ya wamalonda, mtengo wakenso utakwera. Zimene zikambidwe pano zikukhudza mbale ya phala imene mayi wotereyu amapatsa mwana wake m'maŵa, ndiponso mbale ya phala ya m'midzi ina yonse ya kutali ndi nyanja, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Neno.

Kwa zaka zambiri alangizi akhala akuphunzitsa zakudya m'magulu. Kale ankatchula magulu atatu: zomanga thupi, zopatsa mphamvu ndi zoteteza ku matenda. Masiku ano amatchula magulu 6, ndiwo zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Kuphunzitsa kotereku n'kwabwino, koma womvera angaganize kuti gulu lililonse limagwira ntchito yake palokha, ngati anthu olima minda yotalikirana. M'thupi la mwana zinthu sizili choncho. Akatswiri a zakudya adapeza kuti mavitamini a gulu la B ndi mafuta amadalirana, moti pamene mavitaminiŵa apereŵera, thupi limavutika kukonza ndi kuyendetsa mafuta amene ubongo wa mwana umafuna. Akuluakulu adanena kale kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Poyamba ndi bwino kudziŵa za mafutawo. Mafuta onse, kaya a mtedza, a nsomba kapena a m'botolo, ndi opangidwa ndi timagawo ting'onoting'ono timene akatswiri amatitcha fatty acids. Timagawo tambiri thupi limatha kupanga lokha, ngakhale kuchokera ku nsima. Koma pali tiŵiri timene silingathe kupanga, ndipo tiyenera kuchokera m'chakudya basi. Koyamba n'ka mtundu wa omega-6, kamene kamachuluka mu mtedza, mpendadzuŵa, chitowe ndi mtima wa chimanga. Kachiŵiri n'ka mtundu wa omega-3, kamene kamapezeka mu soya ndiponso pang'ono m'masamba obiriŵira. Zimenezi zidayamba kudziŵika mu 1929, pamene George Burr ndi mkazi wake Mildred, a ku yunivesite ya Minnesota ku America, adaona kuti makoswe odyetsedwa chakudya chopanda mafuta konse adaleka kukula, khungu lawo nkuyamba kukakala ndi kufunduka.

Timagawo tiŵiriti tikaloŵa m'thupi, ntchito imakhala isanathe. Thupi liyenera kutitalikitsa ndi kutisintha kuti tisanduke mafuta ena aŵiri ofunika koposa, amene maina awo achidule ndi ARA ndi DHA. Mafuta a DHA ndiwo amamanga timakoma ta timaselo ta ubongo ndi ta kumbuyo kwa diso kumene kumalandira kuŵala. Ubongo ukachotsedwa madzi, choposa theka la chotsalacho ndi mafuta. Mwana akamabadwa, ubongo wake umalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a ubongo wa munthu wamkulu, koma pofika zaka 2 umakhala utafika pafupifupi magawo atatu mwa magawo 4. DHA imaunjikana mofulumira m'miyezi itatu yomaliza ya pakati ndi m'zaka 2 zoyambirirazo. N'chifukwa chake a zaumoyo amalimbikira kunena za masiku 1,000 oyamba a moyo wa mwana. M'mera m'poyamba.

Tsono mavitamini a B akuloŵapo bwanji? Anthu a m'mbali mwa nyanja amadziŵa kuti mtengo wogwetsedwa kuphiri sindiwo bwato. Pafunika mmisiri woti auseme, ndipo mmisiriyo afunika nkhwangwa ndi kasemasema. Mafuta a m'mbewu ali ngati mtengo uja, DHA ili ngati bwato, ndipo amisiri ake ndi tizinthu ta m'chiŵindi totchedwa maenzaimu. Zida za amisiriŵa ndi mavitamini. Vitamini B5 ndiye chogwirira chimene chimapana kagawo ka mafuta pamene kakusemedwa. Mavitamini B2 ndi B3 amanyamula mphamvu imene ntchitoyo imafuna, mothandizana ndi ayironi. Vitamini B6 nayenso amafunika kuti kusinthako kuyende bwino. Mavitamini B2, B3 ndi B5 omweŵa ndiwonso amathandiza thupi kutentha mafuta kuti mwana apeze mphamvu zokwaŵira, zoyendera ndi zoseŵerera.

Bwato likasemedwa kuphiri, pafunikanso anthu olikoka kuti likafike kumadzi. Chimodzimodzi DHA ikakonzedwa m'chiŵindi iyenera kumangidwa m'kaphukusi kamene kamaitulutsa kukaloŵa m'magazi, kuti ikafike ku ubongo ndi ku ziŵalo zina. Njira imodzi yaikulu yomangira kaphukusika imadalira foleti, amene ena amamutcha vitamini B9, pamodzi ndi mavitamini B12 ndi B6. Motero mavitamini a B amagwira ntchito paŵiri, posema ndi ponyamula. Pali mfundo inanso yoyenera kuikumbukira. Ngakhale zida zonse zitakhalapo, thupi la munthu limasandutsa DHA kagawo kochepa kwambiri ka omega-3 wa m'mbewu. Choncho mwana amapindula kwambiri akalandira DHA yokonzeka kale, ndipo imeneyi imapezeka mu mkaka wa m'maŵere, mu nsomba, ndiponso pang'ono mu yolk ya dzira, ndiko kuti kachikasu ka pakati kaja.

Womvera wina angafunse kuti umboni wa zimenezi uli kuti. Mu 1934 Paul György adazindikira vitamini B6 pofufuza nthenda ya pakhungu ya makoswe, ndipo nthendayo idali yofanana kwambiri ndi ija ya makoswe osoŵa mafuta. Mu 1938 T. W. Birch adaonetsa kuti nthenda ziŵirizi n'zolumikizana, pakuti mafuta oyenera ankachepetsa zizindikiro za kusoŵa kwa vitamini ameneyu. Kwa anthu, umboni womveka udatuluka mu 2012 ku yunivesite ya Florida. Amuna ndi akazi athanzi 23 adadya kwa masiku 28 chakudya chopereŵera vitamini B6, ndipo pakutha pa masikuwo mafuta a ARA ndi DHA m'magazi mwawo adali atatsika.

Ku Ulaya, kafukufuku wotchedwa HELENA adayeza magazi a anyamata ndi atsikana a m'mizinda 10, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2017 zidaonetsa kuti amene adali ndi foleti ndi B12 wambiri, kaŵirikaŵiri adalinso ndi DHA yambiri. Zotsatira zotere ziyenera kuŵerengedwa mosamala, chifukwa zinthu ziŵiri zikapezeka pamodzi sindiye kuti china chabala chinzake. Mwana wodya nsomba amalandira B12 ndi DHA m'mbale imodzi, ndipo n'zosadabwitsa kuti zonse ziŵiri zichuluke m'magazi mwake. Koma kwa mayi wa kumudzi mfundo imeneyi ndi yolimbikitsa, pakuti ikutanthauza kuti zakudya zimene zili ndi mafuta abwino nthaŵi zambiri ndi zomwenso zili ndi mavitamini ofunika pa mafutawo. Ku Oxford, ofufuza adalengeza mu 2015 kuti mapiritsi a mavitamini a B adachepetsa kufota kwa ubongo wa okalamba okhawo amene adali ndi omega-3 wokwanira m'magazi. Uwu ndi umboni wa okalamba, koma ukuloza kumodzimodzi, kuti ziŵirizi zimayendera limodzi.

Tsopano nkhani ibwerere ku Mangochi, boma limene lathandiza dziko lonse lapansi kudziŵa zambiri za kadyedwe ka ana. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, akatswiri a ku College of Medicine ya ku Blantyre, imene kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, akhala akufufuza ku Lungwena, Malindi, Namwera ndi pa boma, mogwirizana ndi anzawo a ku Tampere m'dziko la Finland ndi a ku Davis ku California. Mmodzi mwa otsogolera ntchitoyi ndi Pulofesa Kenneth Maleta. Mu 2015 padatuluka zotsatira za kuyeza mkaka wa m'maŵere wa amayi 718 a m'derali. Pa magawo 1,000 alionse a mafuta a mu mkakawo, pafupifupi 7 adali DHA, pamene mwa amayi a m'maiko osiyanasiyana chiŵerengero chapakati ndi 3. Mkaka wa amayi a kunyanja udapezeka ndi DHA yoposa kaŵiri ya amayi ambiri a padziko lapansi.

Ofufuzawo adayezanso usipa wouma, ndipo adapeza kuti magalamu 85 a usipa adali ndi mamiligalamu oposa 1,400 a DHA. Malangizo amene bungwe la FAO lidafalitsa mu 2010 amati mwana wa miyezi 6 mpaka 24 afunika mamiligalamu 10 mpaka 12 a DHA tsiku lililonse pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake. Mwana wolemera makilogalamu 9 afunika tsono pafupifupi mamiligalamu 100, ndipo potsata muyeso uja, ameneŵa amapezeka m'magalamu 6 okha a usipa wouma, ndiko kuti supuni imodzi yaikulu ya usipa wosinja. Kansomba komweka kali ndi vitamini B12, amene sapezeka m'chimanga, m'nyemba kapena m'masamba, koma m'zakudya zanyama zokha. Kalinso ndi B2 ndi B3, ndipo popeza kamadyedwa ndi mutu ndi minga yomwe, kamapatsanso kashiamu, ayironi ndi zinki. Ndiwo imene ena amaichepetsa ngati ya amphaŵi ili ndi bwato losemasema ndi olikoka omwe.

Komabe boma lomweli la Mangochi lili ndi ana ambiri opinimbira. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 adali aafupi poyerekeza ndi msinkhu wawo, ndipo ku Mangochi adali pafupifupi 45 mwa 100 alionse. Zimenezi zikuonetsa kuti mafuta abwino paokha sakwanira kukuza mwana. Pakati pa 2011 ndi 2012, amayi oyembekezera 1,391 a m'zipatala za Mangochi, Malindi, Lungwena ndi Namwera adaloŵa m'kafukufuku amene ena mwa iwo ankalandira tsiku ndi tsiku kapaketi ka magalamu 20 ka chakudya cha mtedza chothiramo mavitamini. Ana awo sadatalike kuposa a amayi enawo. Malungo, kutsekula m'mimba, madzi osatetezeka ndi kubereka pafupipafupi zimalanda mwana zimene chakudya champatsa. Choncho phala labwino liyenera kuyendera limodzi ndi neti yoteteza udzudzu, chimbudzi, sopo ndi sikelo ya ana.

Kafukufuku wina wodziŵika ndi wa mazira, amene adachitikira ku Lungwena ndi Malindi mu 2018 ndi 2019. Ana 660 a miyezi 6 mpaka 9 adagaŵidwa paŵiri, ndipo gulu limodzi linkapatsidwa dzira limodzi patsiku kwa miyezi 6. Ku Ecuador, kafukufuku wofanana naye wa mu 2015 adachepetsa kupinimbira pafupifupi ndi theka. Ku Mangochi ana odya mazira sadatalike kuposa anzawo, ngakhale kuti mitu yawo idakula pang'ono kuposa ya enawo. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuza adatchula n'chakuti ana ambiri a kugombeko ankadya kale nsomba, kotero kuti dzira lidangoonjezera pa zimene zidalipo. Mayi wa ku Katuli asamve nkhaniyi ngati ikunena kuti dzira n'lopanda ntchito. Kumene nsomba ifika mwa apo ndi apo, dzira la nkhuku ya pakhomo ndilo lingatseke mpata, pakuti lili ndi B2, B12, foleti ndi DHA pang'ono.

Kusiyana kwa midzi ya kugombe ndi ya kumtunda sikudayambe lero. Mu 1938 ndi 1939, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Dokotala B. S. Platt lidafufuza kadyedwe ka anthu m'boma la Nkhotakota, poyerekeza midzi ya kumapiri, ya m'munsi mwa mapiri ndi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo pa nthaŵi yomweyo akatswiri ena adatumidwa kudzafufuza za nsomba za m'nyanjayi. Kuyambira pamenepo anthu achuluka kwambiri. M'zaka za m'ma 1970 munthu mmodzi m'Malaŵi ankadya pafupifupi makilogalamu 14 a nsomba pachaka, koma pofika m'zaka za m'ma 2000 muyesowo udali utatsika kufika pansi pa theka. Chambo chidasoŵa m'Nyanja ya Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo usipa ndiwo udadzakhala nsomba yogwidwa kwambiri. Kwa banja la kumtunda, zonsezi zikutanthauza kuti kansomba kochepa kamene kafika pakhomo kayenera kugaŵidwa mwanzeru.

Tsopano ndi nthaŵi yoona za chimanga, chimene ndi maziko a phala. Njere ya chimanga ili ndi mbali zitatu: khungu, mtima, ndi gawo loyera la ufa. Pafupifupi mafuta onse a njereyo ali mu mtima, ndipo mavitamini ambiri a B, makamaka B1 ndi B6, ali mu mtima ndi m'khungu. Mayi akakonola chimanga, nkupeta, nkuviika mphale masiku angapo, nkutaya madziwo, nkuanika padzuŵa, amapeza ufa woyera wokongola umene aliyense amauyamikira. Koma mafuta ndi mavitamini zachoka pa ulendo umodzi. Zina zapita ndi gaga, zina zasungunuka m'madzi oviikira, pakuti mavitamini a B amasungunuka m'madzi, ndipo B2 amaonongeka ndi kuŵala kwa dzuŵa. Gaga uja amathiridwa nkhuku, ndipo pa tsiku limenelo nkhuku zimadya bwino kuposa mwana wa m'nyumbamo.

Nkhuku zomwezi ndizo zidatsegula maso a anthu pa nkhani ya mavitamini. M'zaka za m'ma 1890, pa chilumba cha Java, dokotala Christiaan Eijkman adaona kuti nkhuku zodyetsedwa mpunga woyeretsa zinkafooka miyendo, koma zikapatsidwa mpunga wosayeretsa kapena madeya ake zinkachira. Chimene chidali m'madeyamo ndicho lero chimatchedwa vitamini B1. Phunziro lake ndi lomweli pa chimanga. Ufa wa mgaiwa, wogaya njere yathunthu, umasunga mtima ndi khungu lomwe. N'zoona kuti mgaiwa sukhalitsa ngati ufa woyera, chifukwa mafuta ake amayamba kuŵaŵa pakapita masabata, motero ndi bwino kugayitsa wochepa kaŵirikaŵiri. N'zoonanso kuti malamulo a dziko amafuna kuti ufa wa m'mafakitale akuluakulu uthiridwe mavitamini, koma mabanja ambiri a kumidzi amadya ufa wa m'munda mwawo wogayitsa pa chigayo cha pafupi, umene suthiridwa kanthu. Akuluakulu angadye nsima ya ufa woyera ngati ndiyo aikonda, koma phala la mwana likhale la mgaiwa.

Ngakhale mgaiwa uli ndi chopereŵera chake. Vitamini B3 wa m'chimanga ndi womangika, ndipo thupi limalandirako pang'ono chabe. Anthu odalira chimanga chokha amagwidwa ndi nthenda ya pelagira, imene imadetsa ndi kukakalitsa khungu la m'khosi ndi m'mikono mmene dzuŵa limaomba, kutsekula m'mimba, ndipo ikakula imasokoneza mutu. Dziko lino lidaiona nthendayi ndi maso. Pa nthaŵi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathaŵira m'Malaŵi. Mu 1990 mtedza udasiya kufika m'chakudya chimene ankagaŵiridwa, ndipo m'miyezi yoŵerengeka anthu oposa 18,000 adadwala pelagira. Ofufuza adapeza kuti amene ankadya mtedza tsiku ndi tsiku ndi amene adali ndi dimba ankatetezeka. Mtedza uli ndi B3 wambiri pamodzi ndi mafuta, ndipo alimi a ku Katuli amaulima. Chenjezo lake n'lakuti mtedza wofota, woŵaŵa kapena wa chuku uli ndi poizoni woononga chiŵindi, ndipo uyenera kusankhidwa ndi kutayidwa usanasinjidwe.

Pa mtedza pali phunziro linanso limene lidachokera ku chiponde, chakudya cha kuchipatala chochizira ana onyentchera kwambiri, chimene Dokotala Mark Manary adayamba kuchiyesa m'Malaŵi mu 2001. Chiponde chapulumutsa ana ambirimbiri. Koma mu 2015 ofufuza adalengeza kuti ana odya chiponde cha nthaŵi imeneyo DHA yawo inkatsika pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo 4 m'masabata 4 okha. Chifukwa chake chidali chakuti omega-6 ndi omega-3 amasemedwa ndi amisiri amodzimodzi, ndipo omega-6 akachuluka kwambiri amalanda malo. Kafukufuku wotsatira, wa ana 2,565 a m'chigawo cha kumwera, adaonetsa kuti ana opatsidwa chiponde chochepetsedwa omega-6 ndi kuthiridwa DHA adachita bwino pa mayeso a kakulidwe ka nzeru patapita miyezi 6. Mu 2022 malangizo a dziko lonse lapansi a chakudya chotere adakhazikitsidwa, ndipo adaika malire pa kuchuluka kwa omega-6. Pakhomo, tanthauzo lake n'lakuti nsinjiro ndi zabwino, koma zifunika mnzake wochokera ku nsomba, soya kapena dzira.

Mwana asanayambe phala, chakudya chake chonse chimachokera kwa mayi. Pali zinthu zina mu mkaka wa m'maŵere, monga kashiamu ndi ayironi, zimene sizisintha kwenikweni kaya mayi adye bwino kaya ayi. Koma mavitamini B1, B2, B6 ndi B12 amakwera ndi kutsika potsata mbale ya mayiyo, ndipo DHA imachitanso chimodzimodzi. Kafukufuku wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti pafupifupi amayi 13 mwa 100 alionse a msinkhu wobereka m'Malaŵi adali opereŵera B12. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akamadya womalizira, nsomba itatha, nkutsala ndi msuzi wokha, amene wamanidwa ndi mwana. M'madera ena mukadali mwambo woletsa mayi wapakati kudya mazira poopa kuti mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Dzira silikhudza tsitsi la mwana. Anamkungwi ndi agogo, amene mawu awo amamveka pakhomo, angathandize kwambiri polola mwambo umenewu kupuma. Mapiritsi a ayironi ndi foleti a kusikelo ya amayi apakati nawonso ayenera kumwedwa monga anamwino alangizira.

Nanga phala loyenera liphikidwe motani? Kwa miyezi 6 yoyamba mwana ayamwe bere lokha, osapatsidwa madzi kapena dawale. Akakwanitsa miyezi 6 ayambe phala la mgaiwa lolimbirako, loti silikuyenderera pa supuni, pakuti mimba yake ndi yaing'ono ndipo phala lamadzimadzi limaidzaza popanda phindu. M'phalamo muloŵe supuni ya nsinjiro kapena ya ufa wa soya wokazinga. Muloŵenso supuni ya usipa, matemba kapena utaka wokazinga pang'ono, wosinja ndi kusefa bwino kuti minga isalase mwana. Ufa wa nsombawu usungidwe m'chitini chotseka pamalo amthunzi, ndipo usinjidwe wa masiku oŵerengeka okha, chifukwa mafuta a nsomba amaonongeka akakhalitsa pa mpweya ndi padzuŵa. Tsiku limene nsomba palibe, dzira liswedwere m'phala ndi kupsa bwino. Tsiku lopha nkhuku, chiŵindi chikhale cha mwana, pakuti n'chodzaza ndi B2, B12 ndi foleti. Wa miyezi 6 mpaka 8 adye kaŵiri kapena katatu patsiku, wopitirira pamenepo katatu kapena kanayi, ndi nthochi, papaya kapena peyala pakati, akuyamwabe mpaka zaka 2.

Masamba nawo ali ndi gawo lawo. Bonongwe, nkhwani, chisoso, khwanya ndi kholowa zili ndi foleti ndi B2, koma kaphikidwe kangathe kuziononga. Soda ndi chidulo zimafeŵetsa masamba msanga, koma zimapha mavitamini B1 ndi B2. Kuŵiritsa nthaŵi yaitali kumaononga foleti, ndipo kutaya madzi ophikira ndiko kutaya mavitamini amene asungunukamo. Masamba a mwana aphikidwe ndi madzi ochepa, kwa nthaŵi yochepa, opanda soda, ndi kutendera kapena kuthira kamafuta pang'ono, kenaka apotedwe ndi kusakaniza m'phala kapena m'nsima yofeŵa pamodzi ndi msuzi wake. Mfutso wa m'chilimwe uumitsidwe pamthunzi. Nyemba, nandolo ndi khobwe zimaonjezera B1, B6 ndi foleti. Zonsezi zimamera m'minda ndi m'madimba a ku Katuli, ndipo chogula ndi kansomba kokha.

Pomaliza, mawu apite kwa abambo, pakuti m'mabanja ambiri ndiwo amasunga ndalama ndi kulamula zogulitsa. Mtedza, soya ndi nyemba zikakololedwa, ogula amafika ndi sikelo zawo mpaka pakhomo, ndipo n'kosavuta kugulitsa zonse. Pofika Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe itachepa ndiponso misewu ya kumapiri itaterera ndi mvula, mwana amatsala ndi phala la ufa, madzi ndi mchere. Bambo wanzeru amapatula thumba la mtedza ndi ndowa ya soya zimene sizigulitsidwa, amasiyira mwana mazira ena m'malo motengera onse kumsika, ndipo pa tsiku la msika amagula kamulu ka usipa kamene n'ka mwana ndi mayi wake. Kholo likaona ming'alu m'mphepete mwa milomo ya mwana, lilime lofiira ndi loŵaŵa, khungu lokakala, kutupa kwa mapazi, kapena mzere wa m'buku la kusikelo utaleka kukwera, lisadikire. Lipite naye kwa mlangizi wa zaumoyo kapena ku chipatala cha pafupi, monga cha Katuli kapena cha Namwera.

Mfundo ya nkhani yonseyi ndi imodzi. Mafuta amene amamanga ubongo wa mwana ndi mavitamini a B amene amaŵakonza ndi kuŵanyamula zimabwera m'zakudya zomwezomwezo, ndipo zimatayika pa njira zomwezomwezo: pa mtondo, m'madzi oviikira, mu mphika wa soda ndi pa sikelo ya wogula. Banja limene lisunga mgaiwa, nsinjiro, usipa wosinja, dzira ndi masamba ophika bwino pa chakudya cha mwana ndi cha mayi woyamwitsa lasunga zonse ziŵiri. Nyanja ili kuseri kwa mapiri a Namizimu, koma supuni imodzi ya usipa patsiku ingathe kufika m'mbale ya mwana aliyense wa ku Katuli ngati akuluakulu a pakhomo agwirizana kuti mwanayo ndiye ayambe kudya.